Chipanda cha Amai Daka

Amai Daka anamwalira mwezi wathawu m'chipatala ku Nyimba, ndipo tinakawaika kumudzi, kufupi ndi sukulu yomwe anaphunzitsapo kumbali ya Nyampande. Mlaliki pamaliro ananena zabwino zokhazokha, monga amachitira alaliki. Koma kumbuyo kumene tinakhala amai ife, dzina lomwe linkayenda m'manong'onong'o linali lakale lija, amai a chipanda. Ngakhale ana obadwa dzulodzuloli amalidziwa. Ukawafunsa amakuuza kuti kalekale, nthawi ya Chitaganya, mphunzitsi ameneyu ananyoza khanda la mwini pamaso pa anthu tsiku lotsekera sukulu, nagoneka chipanda cha thobwa pamalo pa Yesu m'sewero la Khirisimasi. Zimenezo n'zoona, ine ndinalipo. Ndinali nkhosa pa sewero limenelo, nditafunda chikopa cha mbuzi chifukwa nkhosa kwathu kunalibe.

Chimene sindinkadziwa, mpaka mnzanga Losina atandiuza pamaliro pomwepo, n'chakuti chipanda chija n'chimene chinamusunga iyeyo pasukulu. Pakanapanda icho, Januwale akanamupeza ali pabanja. Ndakhala zaka zoposa makumi asanu ndikuwaweruza amai aja molakwika, ndipo zikundiwawa.

Anali munthu wamfupi, wa mapazi aakulu, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Kwawo kunali ku Nyimba. Amuna awo anafera ku migodi iwo akadali mtsikana, ndipo achibale atawapatsa mng'ono wa malemuyo kuti alowe m'nyumba, anakana, nanyamula bokosi lawo kupita kumishoni kukaphunzira uphunzitsi. Pasukulu pathu aphunzitsi anali atatu, wamkazi anali iwo okha. Ankaphunzitsa ana oyamba kumene, a Sabu A, komanso kusoka kwa atsikana onse. Pakolala ya diresi lawo sipankasowa singano. Ngakhale kutchalitchi ankapita nayo, ndipo mwana wong'ambika malaya akakhala pafupi nawo, ankatuluka m'mapemphero atasokedwa.

Masileti anali ochepa, ankayambira a Sitandade 1. Ife a Sabu A tinkalemba pansi. M'mawa uliwonse tinkasesa bwalo, iwo n'kulidula ndi ndodo, mwana aliyense kachigawo kake, ankati munda wake. Tinkalemba ndi chala titagwada, iwo akuyenda pakati pathu. Akapeza chilembo chopindika sankalankhula, ankangochifuta ndi phazi lija n'kupitirira. Poyamba tinkalira. Iwo ankati mwana woopa kufufutidwa sadzalemba kanthu moyo wake wonse, ndiye kuli bwino azolowere akadali ndi mamina. Masamu anayamba kutiphunzitsa ndi mtedza, koma anaona kuti masamu ochotsera okha ndi amene akuyenda bwino, basi anasinthira ku timiyala.

Tonse tinkabwera tikulankhula Chinsenga, pamene mabuku anali a Chinyanja. Kwa aphunzitsi enawo ukayankha m'Chinsenga unkalandira ndodo ya m'manja. Amai Daka ankakusiya umalize, kenaka n'kukuuza kuti unenenso zomwezo monga zilili m'buku. Ankati iwo akufuna adziwe kaye ngati m'mutumo muli kanthu, za chilankhulo zibwera pambuyo.

Musaganize kuti anali munthu wofatsa. Pakamwa pawo panali polasa, ndipo kutsina khutu ankakudziwa bwino. Mawu oti pepani sindinawamvepo akutuluka m'kamwa mwawo. Ukawathokoza ankakwiya, ankafunsa ngati ulibe ntchito ina. Anafika powatchula bambo anga aulesi pamaso pa mai anga chifukwa chondijombetsa masiku atatu kuti ndikaingitse anyani kumunda. Mvula ikagwa, theka la kalasi linkasowa, ana ali kopalira. Iwo ankatsekera otsalawo ntchito, n'kutenga khasu kulondola kuminda. Akafika sankakambirana ndi munthu. Ankalowa mumzere wa mwanayo, kupalira mpaka kumapeto, kenaka n'kumugwira dzanja kubwerera naye kusukulu, makolo atangoti kukamwa yasa.

Ndi aLungu, mphunzitsi wamkulu, ankakangana chaka ndi chaka pa nkhani imodzi. Tsiku lotsekera aLungu ankawerenga zotsatira za mayeso pamaso pa makolo, kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, ndipo wotsirizayo anthu ankamuimbira nthungululu zachipongwe. Amai Daka ankakana kupereka mndandanda wa kalasi yawo. Ankaitana ana awo potsata msinkhu, wamfupi poyamba, aliyense n'kunena chimodzi chomwe wachidziwa. ALungu ankati zimenezo si za sukulu. Iwo ankayankha kuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sangakhale wotsiriza pa chinthu chomwe wangochiyamba kumene. Mzungu woyendera masukulu naye anakumana nazo. Anati atsikana achulutse kusoka, masamu achepetse. Iwo anavomera mwaulemu, njinga yamoto ija itangozimiririka anayamba kutiwerengetsa masokedwe, kuchulukitsa mizere, kugawa nsalu pakati pa anthu asanu ndi awiri. Masamu ogawa ine ndinawadziwira pa nsalu ya patebulo.

Tsiku lotsekera la Khirisimasi linali lalikulu kuposa Khirisimasi yeniyeniyo. Makolo ankabwera ndi mphasa n'kukhala pansi pa mitengo ya mango. Midzi inkasonkha mbuzi, mpunga ndi thobwa. Anyamata ankaguba, atsikana tinkayala zosoka zathu pa chingwe, aLungu n'kuwerenga zotsatira zawo zija. Chomaliza, chimene aliyense ankadikira, chinali sewero la kubadwa kwa Yesu. Tinkamanga khola la udzu pakati pa bwalo, modyera ng'ombe mwake tinkaika mtondo wakale woswa pakati.

Pasukulu pathu panali mwambo womwe sindinauonepo kwina. Yesu sankakhala chidole. Ankakhala khanda lenileni, lomwe labadwa pomalizira m'midzi yozungulira. Mai wake ankalowa nalo m'bwalo atalivalika zatsopano, n'kulipereka m'manja mwa mtsikana wosewera Mariya, iye n'kulikweza kuti anthu alione asanaligoneke. Unali ulemu waukulu. Munthu ankakula akutchedwa Yesu wa chaka chakuti. Koma panali lamulo lake. Kwathu khanda lanthete siligwidwa ndi mtsikana amene wangotha msinkhu kumene, amati limadwala, limatsokomola mpaka kutupa. Ndiye Mariya ankayenera kukhala mwana ndithu. Khandalo lisanaperekedwe, agogo ake ankafunsa mphunzitsi mokweza ngati Mariya wake akadali mwana, mphunzitsi n'kuvomera, anthu n'kuomba m'manja.

Amai onse a m'midzi imeneyo ankadziwa kuwerenga mwambo umenewu kuposa buku. Zaka ziwiri m'mbuyomo Mariya wina anasinthidwa kutatsala tsiku limodzi. Palibe amene ananena chifukwa, koma sabata isanathe mtsikanayo anali m'nyumba ya chinamwali, ndipo sukulu itatsegulidwa malo ake anali opanda munthu. Disembala unali mwezi woopsa kwa mtsikana. Ndi nthawi yomwe anyamata ankabwera kuchokera kuntchito ku Walale ndi ku migodi, ndi masutikesi, magalamafoni ndi nsapato zolira, ali ndi masabata ochepa oti apeze mkazi asanabwerere.

Chaka chimenecho Mariya anali Losina. Anali mu Sitandade 4, wamng'ono thupi, koma pa kuwerenga panalibe womuposa, ngakhale mnyamata. Mayeso aakulu ankabwera mvula ikatha, ndipo okhoza ankapita kusukulu yogonera komweko. Aliyense ankadziwa kuti Losina adzakhoza. Amalume ake nawo ankadziwa zawo. Kwathu mwana ndi wa amalume, ndipo iwo anali atalonjeza kale mnyamata wina wa ku Walale kuti mtsikanayo akangokula amutenge. Mnyamatayo anali atafika, tinkamuona akuzungulira pa njinga yatsopano.

Zotsatirazi ndi zimene Losina anandiuza, titakhala pa chitsa kuseri kwa nyumba ya maliro, anthu akudya. Tsopano ndi gogo, anapuma ntchito ya uzamba ku Petauke, ndipo ankafotokoza akusenda nzimbe ngati akunena za munthu wina.

M'mawa wa tsiku lotsekeralo, anzake akumanga khola, iye anawapeza Amai Daka m'chipinda chosokera akusita nsalu yabuluu ya Mariya.

"Amai, mwana uja siningamugwile lelo," anatero.

"Chifukwa?"

"Zayamba mailo," anatero, kutanthauza kuti anali atatha msinkhu dzulo lake.

Amai Daka anaika simbi pansi. "Wauza ndani?"

"Palibe."

"Amai ako?"

"Sanaone."

Losina anapempha kuti anamizire mutu, agone kunyumba. Iwo anati mutu wa Mariya pa tsiku lotsekera azakhali ake adzabwera kudzauona okha, ndipo sadzayang'ana kumutu. Anapempha kuti asinthane ndi mnzake, iye akhale mngelo. Iwo anamukumbutsa za Mariya wosinthidwa uja. Panatsala njira imodzi yosavuta, kungokhala chete, kuvomera funso la agogo, mtsikanayo n'kulandira khanda. Losina akuti ankayembekeza kuti mphunzitsi wophunzira kumishoni amuuza kuti zija n'zikhulupiriro chabe. Koma sanatero. Anati iwo sadziwa ngati n'zoona kapena ayi, ndipo sangayesere pa mwana wa mwini. Anatinso khandalo likangotsokomola mwezi wamawa, nkhani n'kudzaululika, Losina adzatchedwa wopha mwana mpaka kumanda.

"Pukuta maso," anatero. "Uzavala nsalu yako, uzanena mau ako onse, osaphonya. Za mwana unisiile ine."

Zomwe zinachitika m'bwalo ndinaziona ndekha, ndili chogwada m'chikopa changa. Khanda la chaka chimenecho linali Simoni, mdzukulu wa aTembo, mkulu wa mpingo. Amake Simoni anali mtsikana wofatsa, wamanyazi, ndipo mwana wawo woyamba anamwalira asanakwanitse mwezi. Uyu anali wachiwiri. Analowa m'bwalo pang'onopang'ono, mwana atamufunditsa shawelo yoyera yomwe bambo ake anatumiza kuchokera ku migodi, apongozi awo akutsatira pambuyo, amai akululutira. Apongoziwo anali atatsegula kale pakamwa kuti afunse funso lija. Amai Daka sanawapatse mpata. Anadutsa pakati pa abusa ndi angelo, natukula shawelo ija, nayang'ana kamwanako.

"Uyu mwana ali na mphele," anatero mokweza, mpaka a kumapeto kwa mitengo anamva. "Sangagone pa nsalu ya sukulu."

Apongozi aja anayamba kuseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

"Mphele zotani, aphunzitsi? Ni totupa twa thukuta chabe, onani."

"Nati ni mphele. Ana anga nimawasambika neka. Sinifuna matenda a m'nyumba zauve."

Mawu amenewo ndikuwamvabe mpaka lero. ATembo anaimirira. ALungu anathamanga, kugwira Amai Daka pamkono, kuwanong'oneza, kuwachonderera kuti abweze mawu. Iwo anangoima, manja kumbuyo. Amake Simoni anamufunditsanso mwana wawo bwinobwino, natembenuka, nadutsa bwalo lonse lija anthu akuwayang'ana. Atafika pa mitengo ndi pamene tinamva kulira. Abale onse a kwa Tembo ananyamula mphasa zawo, ndipo mbuzi yomwe anasonkha anaichotsa pamoto isanapse n'kupita nayo.

Amai Daka anayang'ana uku ndi uku, natola chipanda cha thobwa chomwe chinali pafupi, nakhuthulira thobwalo mumphika, nachikulunga m'nsalu ya patebulo yomwe tinapeta ife. Anachipereka kwa Losina n'kutiuza kuti tiyambe. Tinasewera pamaso pa theka la anthu, nawonso atakwinya nkhope. Anzeru a kum'mawa anagwadira chipanda ntchentche zikuzungulira. Ine, pokhala nkhosa, ndinali pafupi kwambiri, fungo la thobwa linkandilowa m'mphuno, ndinalephera kudzigwira, ndinaseka, ndipo khutu langa linalipira pambuyo pake. Losina ananena mawu ake onse osaphonya ngakhale amodzi, misozi ikutsika. Tonse tinkati akulira manyazi.

Mpingo unawaitana Amai Daka kuti apepese. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti amva, basi. Anawaletsa mgonero kwa nthawi yaitali, ndipo kumsonkhano wa amai a mpingo sanabwererekonso. ALungu analembera akuluakulu kuti awasamutsire ku Sandwe, koma mphunzitsi wina wamkazi wolowa m'malo mwawo sanapezeke, ndiye anakhala. Kuchitsime amai ankasiya kulankhula iwo akafika. Mai anga omwe ankati mkazi wopanda mwana sangadziwe kuwawa kwa mawu otere. Mwambo wa khanda unathera pomwepo. Chaka chotsatira palibe mai amene analola kubweretsa mwana wake, ndipo kuyambira pamenepo Yesu wa pasukulu pathu wakhala wa nsanza.

Tsiku lomwelo la chipanda, madzulo asanafike, Amai Daka anapita kwa amalume a Losina. Anati mtsikanayu wawachititsa manyazi polira pamaso pa anthu, ndipo chilango chake akhala kwa iwo tchuthi chonse, kupalira munda wa sukulu ndi kusoka. Amalumewo, ataona zomwe zinawagwera a kwa Tembo, sanafune kuyambana ndi pakamwa pamenepo. Losina anakhala masabata onsewo m'nyumba ya aphunzitsi. Munda anapaliradi, koma masana ankachita masamu, ndipo zomwe mtsikana ayenera kudziwa za thupi lake anamuuza ndi iwo. Mnyamata wa njinga uja anadikira, natopa, nabwerera ku Walale ndi mkazi wina. Pamene azakhali anadzazindikira, mayeso anali atalembedwa, kalata ya malo kusukulu yogonera ili m'manja mwa aLungu. Chinamwali anamuvinira pa tchuthi chachikulu, atatha anakwera lole kupita kusukulu.

Ndinamufunsa Losina chifukwa chake anakhala chete zaka zonsezi, munthu akutukwanidwa chifukwa cha iye. Anati sanakhale chete mwakufuna. Atangoyamba ntchito anabwera ndi diresi lake loyera, nawapempha kuti apite limodzi kwa amake Simoni akaulule. Amai Daka anamukalipira ngati akadali mu Sabu A. Anati akangoulula, amai onse adziwa kuti Daka amabisa atsikana, ndipo palibe amene adzasiye mwana wamkazi m'manja mwake akafika zaka khumi. Losina sanali womaliza kukhala tchuthi cha Khirisimasi m'nyumba ija pa chilango chosadziwika bwino. Ine ndikukumbukira atsikana ena omwe ankalangidwa motero, ndipo tinkawamvera chisoni.

Chifukwa chimenecho ndikuchimva. Chimene sindikuchimva ndi cha pambuyo pake. Atapuma ntchito anamanga kanyumba kawo m'mudzi wa pafupi ndi sukulu, ndipo malo omwe anapatsidwa anali moyang'anana ndi kwa amake Simoni, pakati pali kanjira kokha. Apo panalibenso mtsikana woti amuteteze. Losina anapitanso, napemphanso. Iwo anayankha kuti mwana uja analibe mphere, nyumba ija sinali yauve, ndipo mawuwo ananena ndi iwo ndi pakamwa pawo. Anati kupita kukafotokoza chifukwa kukhala ngati kukapempha kuti awayamikire pa chipongwe. Ine ndikuti kumeneko kunali kuuma mutu chabe. Munthu yemwe ankalowa m'munda wa mwini osaodira analephera kudumpha kanjira ka mapazi khumi.

Ndipo panali china chomwe ankachidziwa bwino. Simoni atafika msinkhu wa sukulu, amai ake analumbira kuti sadzagwada pabwalo la mkazi ameneyo. Anamutumiza kusukulu ina ya kutali, kuwoloka mitsinje iwiri. Mvula ikagwa sankapita. Anayenda chaka chimodzi ndi theka n'kusiya. Losina akuti Amai Daka anatumizako sileti ndi buku kudzera mwa munthu wina, koma zinabwezedwa tsiku lomwelo. Simoni ndi bambo wa imvi tsopano, mlimi wabwino, munthu wosayambana ndi aliyense. Anali m'gulu la okumba manda. Amai ake ku maliro sanabwere, anatuma mawu kuti miyendo ikuwawa.

Patapita masabata awiri Losina anabwera kudzanditenga. Anati amene anamuletsa uja wapita, ndipo iye safuna kufa nazo. Tinawapeza amake Simoni pakhonde akusankha nyemba, maso atayera, akuzindikira zoola ndi zala. Titapatsana moni Losina anagwada, nafotokoza zonse kuyambira m'chipinda chosokera. Gogoyo sanasiye kusankha nyemba mpaka nkhani inatha.

"Lomba weo unali utakula tsiku lija?" anafunsa.

"Inde, amai."

"Ndipo mwana wanga sunamugwile."

"Sininamugwile."

Gogoyo anakankhira lichero pambali.

"Sembe ananiitanila kumbali," anatero, kutanthauza kuti Amai Daka akanangowaitanira pambali. "Neo nine mkazi. Sembe ananiuza chabe kuti bwelela naye mwana, ninene kuti watentha thupi. Simoni wanga saziwa kulemba dzina lake. Pa chikalata amadinda chala."

Losina analira. Ine ndinaganiza kuti tingonyamuka, koma iye anapukuta maso nafunsa funso lomwe ine sindikanayerekeza.

"Amai, akanakuuzani, sembe munasunga?"

Gogoyo anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu.

"Iyai," anatero. "Apongozi sembe ananifunsa, neo sembe ninanena. Ninali kuwaopa maningi. Amalume ako sembe anamva dzuwa likalibe kulowa."

Anapapasa pansi kufuna ndodo yawo. Losina anafuna kuwagwira mkono, iwo anakana. Anatsika pakhonde okha, nadutsa bwalo lawo, nawoloka kanjira kaja akugogoda pansi, ife tikutsatira patali.

Nyumba ya Amai Daka inali itagawidwa kale katundu. Chitseko anachimanga ndi waya, pazenera anakhomapo chibenthu cha lata. Nkhuku anatenga adzukulu a mlongo wawo a ku Nyimba, khola linali pululu, kachitseko kake kali pansi. Nkhuni zomwe anatola okha zinali zitatsamira khoma, chiswe chitayamba kale kuzikwera. Pakhonde, pomwe pankakhala mpando wawo, panatsala timaenje tinayi m'dothi, ndipo ndinaona kwa nthawi yoyamba kuti mpandowo sunkayang'ana kumsewu kapena kusukulu. Unkayang'ana khomo la amake Simoni.

Gogoyo anaima pamaso pa chitseko chomangidwa chija, nakonza chitenje chawo, naweramira pa ndodo.

"Odi, aDaka," anatero.

Anadikira monga amadikirira munthu amene akudziwa kuti mwini nyumba ndi wokalamba, amachedwa kudzuka. Anaodiranso kachiwiri, kenaka kachitatu. Ife tinangoima pakanjira paja, ndipo palibe amene anayerekeza kuwayankha.